Sefa ya Mcenga: Kuyeretsa Madzi a ku Cimbudzi Asanalowe Pansi

M'matauni a dziko la Zambia anthu ambiri alikumanga nyumba zao kutali ndi mipope ikuru imene icotsa zonyansa za m'tauni. Wanchito wa mumgodi akalandira ndalama zace zopumira nchito, agula malo kunja kwa Kitwe kapena Chingola, namanga nyumba yokhala ndi cimbudzi ca madzi. Wa ku Lusaka acita cimodzimodzi. Tsono pakuti mipope ija siifika kumeneko, mwini nyumba akumba thanki ya pansi imene amisiri amaicha septic tank, ndi dzenje la miyala lochedwa soakaway. Pa malo omwewo akumbanso citsime kapena borehole ya madzi akumwa. Nyumba isanathe ayenera kudzifunsa kuti: kodi madzi oturuka m'thankimo adzapita kuti?

Thanki Siitsiriza Nchito

Ambiri ayesa kuti thanki iyeretsa madzi, koma nchito yace ndi kulekanitsa cabe. Madzi akakhala m'menemo tsiku limodzi kapena kuposapo, zolemera zimira pansi nizisanduka matope, mafuta ayandama pamwamba, ndipo a pakati ndiwo aturuka. Madzi amenewo akali onunkha, ndipo ngati m'nyumbamo muli wodwala kolera, taifodi kapena kamwazi, tizirombo ta nthendazo tituruka nao pamodzi. Cimene citsiriza nchito ndico dothi. Madzi akamatsika pang'onopang'ono m'dothi lakuya ndi louma, zonyansa zitsalira ndipo tizirombo tambiri tifa tisanafike pa madzi a pansi pa nthaka.

Koma dothi lotere silipezeka ponse. Pali malo atatu amene soakaway ilephera. Oyamba ndi pamene dothi liri locepa ndipo pansi pace pali thanthwe long'ambika. Aciwiri ndi pamene madzi a pansi akwera pafupi ndi pamwamba m'nyengo ya dzinja. Acitatu ndi pa dongo kapena makande, pamene madzi salowa konse koma abwerera pamwamba nasanduka cithaphwi pabwalo.

Mzinda wa Lusaka uli nao mabvuto awiri oyambawo. Mbali yaikuru ya kumadzulo ndi kumwera kwace, monga Kanyama, Misisi ndi Chawama, ikhala pa thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu ndi mapanga. Madzi oipa akagwera m'ming'alu imeneyo athamanga monga mumpope, osasefedwa, nakafika m'citsime ca munthu wina kutali. Ndipo gawo lalikuru la madzi amene anthu a mumzindawo akumwa licokera pansi pomwepo. Kolera imene inabuka mu Okutobala 2017 inadwalitsa anthu oposa 5,000 m'Lusaka, ndipo zitsime zosazama za m'makomboni zinakwiriridwa. Inabukanso mu Okutobala 2023, nidwalitsa oposa 20,000 m'dziko lonse ndi kupha oposa 700, kufikira bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala. Zifukwa za mliri ziri zambiri, koma cimodzi cacikuru ndi zonyansa za m'zimbudzi zosanganikirana ndi madzi akumwa.

Mphamvu ya Mcenga

Pamene dothi la cilengedwe lilephera, munthu akhoza kudzikonzera dothi lace. Imeneyo ndiyo sefa ya mcenga: dzenje kapena bokosi lalikuru lodzazidwa ndi mcenga wosankhika, loikidwa pakati pa thanki ndi malo otayirako madzi.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Ca m'ma 1870 Edward Frankland wa ku England anaonetsa kuti madzi onyansa ayera akathiridwa pa dothi kapena mcenga mopumirapumira, ndipo kuyambira 1887 akatswiri a ku Lawrence m'dziko la America anayesa njirayi zaka zambiri. Umboni wina unaoneka ku Germany mu 1892. Mzinda wa Hamburg unali kumwa madzi a mtsinje wa Elbe osasefa, ndipo kolera inapha anthu oposa 8,000. Mzinda wa Altona unali kutunga mtsinje womwewo kumunsi kwa Hamburg, kumene madzi anali oipa koposa, koma unali kuwasefa ndi mcenga, ndipo odwala kumeneko anali owerengeka.

Mcenga ugwira zinyalala monga sefa igwira misere ya ufa, koma nchito yaikuru icitidwa ndi tizirombo tina tabwino timene timamera pa kamcenga kali konse nitidya zonyansazo. Tizirombo timeneti tifuna mpweya monga munthu wa pansi pa mgodi aufuna. Mcenga ukamira m'madzi masiku ambiri mpweya utha, tizirombo tabwino tifa, ndipo sefa itsekeka ninunkha. Malamulo onse a kasankhidwe ka malo ndi kamangidwe ka sefa acokera pa mfundo imeneyi: madzi adutse pang'onopang'ono, ndipo mpweya ulowe pambuyo pace.

Kusankha Malo

Malo ayesedwa m'dzinja, mvula itakhwima, m'mwezi wa Febuluwale kapena pambuyo pace pang'ono. Kuyesa m'cilimwe kunyenga, pakuti pamenepo madzi a pansi atsika. Mwini malo akumbe dzenje lakuya mamita 2, kapena mpaka atagunda thanthwe, nalisiye masiku awiri kuti aone pamene madzi afika. Ayang'anenso mtundu wa dothi m'mbali mwa dzenjelo. Dothi lofiira lisonyeza kuti mpweya ulowa bwino. Lotuwa lokhala ndi madontho ngati dzimbiri lisonyeza kuti madzi aimapo caka ndi caka. Soakaway wamba ifuna dothi louma lokwana mita imodzi ndi theka pansi pace. Likapanda kukwana, sefa ya mcenga ifunika.

Kenaka akumbe kadzenje kena kakang'ono pamene madzi adzatayidwa, akadzaze madzi usiku wonse, ndipo m'mawa akadzazenso ndi kuwerenga nthawi. Madzi akatsika masentimita awiri ndi theka mphindi imodzi isanathe, ndiye kuti dothilo lifulumira kwambiri ndipo silisefa. Akapanda kutsika comweco ola lathunthu litatha, dothilo ndi louma gwa ndipo silidzamwa madzi a nyumba yonse.

Za mtunda, lamulo lodziwika ndi lakuti malo otayirako madzi akhale mamita 30 kapena kuposapo kucokera pa citsime kapena borehole iri yonse, ya mwini ngakhale ya mnansi, ndiponso akhale kumunsi kwace. Pa thanthwe la laimu mamita 30 angathe kucepa, cifukwa ming'alu iyendetsa madzi kutali. Sefa ikhale mamita 3 kapena kuposapo kucokera pa maziko a nyumba, ndiponso patali ndi mitengo ikuru, pakuti mizu ya mango ndi bulugamu ilondola cinyezi nilowa m'mapaipi. Isamangidwe m'dambo kapena m'njira ya madzi a mvula, ngakhale malowo aoneka ouma nthawi yogula. Akuru anati madzi saiwala khwawa. Isakhalenso poimika galimoto, cifukwa kulemera kutsendera mcenga ndi kuswa mapaipi.

Malo otsetsereka pang'ono ndiwo abwino koposa. Kucokera pa paipi yoturuka m'thanki kufikira pansi pa sefa pafunika kutsika kwa mita imodzi ndi kuposapo pang'ono. Malo akalola, madzi ayenda okha. Pa malo a cidikha, kapena pamene madzi a pansi ali pafupi, sefa imangidwa pamwamba pa nthaka ndipo madzi akwezedwa ndi pampu ya magetsi. Wosankha pampu akumbukire caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Asiye malo m'thanki ya pampu osunga madzi a tsiku limodzi kapena awiri.

Mcenga Woyenera

Sefa zambiri zimafa cifukwa ca mcenga woipa. Ufunika mcenga wa kumtsinje wotsukidwa, wamaso akuru pang'ono ndi ofanana, wokhakhala m'manja ngati shuga. Amisiri apima kukula kwa maso ace, nafuna pakati pa gawo limodzi mwa magawo anai a milimita ndi milimita imodzi. Mcenga wosalala wopakira zipupa utseka msanga. Wamaso akuru kwambiri upititsa madzi asanayere. Wosanganiza ukuru ndi ung'ono ubvutanso, pakuti timaso tating'ono tidzaza mipata ya mpweya. Fumbi la miyala yophwanya ya laimu, limene ligulitsidwa m'mbali mwa miseu ya Lusaka, ndi labwino poumba mabuloko, koma m'sefa limasungunuka pang'onopang'ono ndi kugwirana ngati simenti.

Kuyesa mcenga sikufuna ndalama. Munthu athire mcenga masentimita 5 m'botolo loonekera m'kati, aonjeze madzi, akhuchumule bwino, nalisiye usiku wonse. Matope akhala pamwamba pa mcengawo. Akacindikala kuposa mamilimita 3, mcengawo uyenera kutsukidwa kapena kukanidwa lole isanatsitse.

Kukula ndi Kamangidwe

Kukula kwa sefa kuwerengedwa ndi madzi amene nyumba itaya pa tsiku. Sefa yokwiriridwa ilandira malita 40 kufikira 50 pa tsiku pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Nyumba ya anthu 6, ali yense akamagwiritsa nchito malita 100, itaya malita 600. Kugawa 600 ndi 40 kupatsa 15. Ndiye kuti sefa ikhale mamita 5 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi. Nyumba ya m'tauni siikhalitsa ndi anthu ocepa: abale abwera kudzafuna nchito, zipinda zina zicititsidwa lendi. Cotero nkwanzeru kuwerenga anthu amene nyumbayo ingathe kusunga, osati okhawo amene alimo lero.

Pansi ndi m'mbali mwa dzenje muyalidwa pulasitiki yocindikala yosabooka, kapena mumangidwa ndi njerwa zopaka simenti, kuti madzi osayera asathawe ndi a pansi asalowe. Pansi peni peni pagona paipi ya masentimita 10 yokhala ndi ming'alu, yopendeka pang'ono kuloza koturukira, yokutidwa ndi miyala yotsuka masentimita 20. Pamwamba pa miyalayo pathiridwa nsangalabwi zing'onozing'ono zoletsa mcenga kugwera pansi. Kenaka ubwera mcenga wakuya masentimita 60. Muyeso umenewu usacepetsedwe pofuna kusunga ndalama. Pamwamba pa mcenga pabweranso miyala, ndipo m'kati mwace mugona mapaipi obooka ogawa madzi, otalikirana masentimita 60 kufikira 90, oyalidwa ndi levulo kuti mbali imodzi isamire inzace ikali youma. Potsiriza payalidwa nsaru yolola mpweya, ndi dothi lopepuka losapitirira masentimita 30, lobzalapo kapinga. Mathero a mapaipi akhotetsedwa kuturukira pamwamba kuti mpweya ulowe ndi kuti mwini athe kusuzumiramo. Ngalande yaing'ono kumtunda ipatutsa madzi a mvula, ndipo madzi a padenga asalowetsedwe konse m'thanki.

Madzi asadonthe pa mcenga usana ndi usiku osaleka, pakuti potero agwera pa malo amodzi okha pafupi ndi polowera. Aunjikidwe m'kathanki kakang'ono, nathiridwe pang'onopang'ono kambiri pa tsiku, nthawi iri yonse ofika pa sefa yonse. Pampu yokhala ndi koloko icita nchito imeneyi kakhumi ndi kawiri kapena kuposapo pa tsiku. Pa malo otsetsereka icitidwa ndi cidebe codzikhuthula cokha cikadzala.

Madzi Oturuka ndi Kasamalidwe

Sefa yomangidwa bwino iturutsa madzi oyera m'maso ndi osanunkha, ndipo tizirombo ta m'matumbo ticepa ndi magawo 99 pa 100 kapena kuposapo. Koma otsalawo akwanira kudwalitsa munthu, ndiponso mcenga sucotsa mcere wochedwa nitrate, umene uli woopsa kwa makanda ukacuruka m'madzi akumwa. Cifukwa cace madziwo samwedwa, sacapira mbale, ndipo sathiriridwa pa ndiwo zodya zosaphika. Atayidwe m'ngalande yosazama ya miyala yokwiriridwa, kuti dothi la pamwamba, limene liri ndi mpweya wambiri, litsirize nchito.

Mdani wamkuru wa sefa ndi thanki yodzala. Matope ndi mafuta akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a thanki, iyenera kupopedwa. Pa nyumba zambiri izi zicitika zaka zitatu kapena zisanu ziri zonse. Ikalekereredwa, matope asefukira pa mcenga nautseka, ndipo mankhwala ace ndi kufukula ndi kugula mcenga wina. Mafuta a galimoto, penti, mankhwala ophera tizirombo, matewera ndi nsanza zisatayidwe m'cimbudzi. Ndipo munthu asalowe m'thanki ngakhale itapopedwa. Anthu a m'migodi adziwa za mpweya woipa umene ugwetsa munthu asanafuule. Mpweya wotero ukhalanso m'thanki, ndipo wolowa kukapulumutsa mnzace nayenso agwa momwemo.

Sefa ya mcenga ifuna ndalama ndi malo, ndipo pa mapuloti ang'onoang'ono a m'makomboni mamita 30 sapezeka. Kumeneko cofunika ndi cimbudzi kapena thanki yomatidwa bwino yosadontha, yopopedwa nthawi ndi nthawi, kapena anansi angapo agwirizane kumanga sefa imodzi pa malo oyenera. Pulani ya nyumba iyenera kubvomerezedwa ndi Khonsolo, ndipo kuyambira 2018 borehole iyenera kulembetsedwa ku bungwe la WARMA loyang'anira madzi. Makampani a madzi, monga Nkana Water ku Kitwe, Kafubu Water ku Ndola ndi Luanshya, ndi Mulonga Water ku Chingola ndi Mufulira, ndiwo angauze womanga ngati mpope wa zonyansa uli pafupi ndi malo ace. Koma coyamba pa zonse ndi dzenje lija la mamita 2 lokumbidwa m'dzinja. Lifuna khasu, fosholo ndi masiku awiri, ndipo lidzauza womanga ngati madzi a ku cimbudzi cace adzayera asanafike m'citsime cimene ana ace ndi ana a mnansi wace akumwa.