KUPIMITSA NZERU ZA MWANA: ZOYENERA KUDZIWA MAKOLO ASANAKWERE BASI YA KU LUSAKA

M'makomboni a ku Petauke ndi ku Nyimba muli makomo amene ali ndi mwana wobwereza kalasi kawiri kapena katatu. Anzake amapita patsogolo, iye n'kutsalira mu Giredi 2, osatha kulemba ngakhale dzina lake. Ena amati ndi ulesi, ena amati analodzedwa, ndipo mwanayo amakwapulidwa pa mlandu umene sanapalamule. Makolo ena akamva kuti kuli akatswiri opima nzeru amafunsa kumene angawapeze. Kupimako kumathandiza ndithu, koma kuli ndi njira yake yoyenera kutsata.

Kodi kupima nzeru n'ciani?

Nchito imeneyi inayambira ku France mu 1905, pamene Alfred Binet ndi Théodore Simon anakonza mafunso ofuna kupeza ana osowa thandizo lapadera kusukulu. Mu 1949 David Wechsler wa ku America anatulutsa mayeso a ana amene anakonzedwanso kangapo ndipo akugwirabe nchito. Masiku ano amapimira ana a zaka 6 kufikira 16.

Popima sipakhala nyeleti, kutenga magazi kapena makina. Katswiri amakhala ndi mwana mmodzi yekha m'cipinda ca zii kwa ola limodzi kapena kupitirirapo. Amamufunsa matanthauzo a mau, amamuuza kubwereza manambala cotsogola ndi cobwerera m'mbuyo, ndipo amamupatsa timatabwa tofiira ndi toyera kuti atiyale monga mwa cithunzi. Mayankho ake amawayerekeza ndi a ana a msinkhu wake, ndipo pamatuluka nambala imene amati IQ. Nambala ya pakati ndi 100. Pa anthu atatu alionse, awiri amapezeka pakati pa 85 ndi 115, ndipo pafupi-fupi awiri pa 100 amatsika pansi pa 70.

Mayeso a pa foni, amene munthu amayankha yekha, sangalowe m'malo mwa zimenezi. Foni siiona ngati mwana ali ndi njala, mantha, kapena sanamve funso. Katswiri amaona zonsezo ndipo amazilemba.

Kuyamba ndi thupi

Ana ambiri amene amalephera m'kalasi alibe vuto la nzeru. Mwana amene khutu lake limatuluka mafinya samva bwino aphunzitsi, ndipo wa maso ofooka saona pa bolodi. Kucepa kwa magazi, njoka za m'mimba, likodzo ndi kupita kusukulu osadya kumamufooketsa. Palinso khunyu ya mtundu wina imene siigwetsa munthu pansi: mwana amangoti duu kwa kamphindi, ndipo phunziro limamupita. Zambiri mwa izi zili ndi mankhwala.

Zina zimavulazadi bongo: malungo a m'bongo, matenda oumitsa khosi, cikasu cacikulu pa khanda, kucedwa kupuma pobadwa, ndi kusowa kwa ayodini m'thupi la mai woyembekezera. Ndiye cifukwa cake mcere wa ayodini uli wofunika pakhomo.

Motero ulendo uyenera kuyambira ku kiliniki yapafupi. Kucoka apo mwana angatumizidwe ku cipatala ca boma ca Petauke kapena ca Nyimba, ku Kalindawalo General Hospital kapena ku Minga Mission, kuti a dokotala aone makutu, maso ndi magazi. Akatswiri opima nzeru ndi owerengeka m'dziko muno ndipo ambiri ali ku Lusaka, kumene kuli zipatala za UTH ndi Chainama Hills, ndiponso University of Zambia. Kucoka ku Petauke ndi mtunda wa makilomita pafupi-fupi 400. Kupita popanda kalata ya a dokotala ndi tsiku lopangana ndiko kutaya ndalama ya basi. Ofesi ya zamaphunziro ya m'boma, ya DEBS, nayonso imalangiza za ana ofuna maphunziro apadera.

Cinenero ca mwana

M'dziko la Mfumu Yaikulu Kalindawalo ana ambiri amalankhula Cinsenga panyumba. Mayeso ambiri anakonzedwera ana a ku Ulaya ndi ku America, m'Cizungu. Mwana wofunsidwa m'cinenero cimene sacidziwa angapeze nambala yotsika pamene mutu wake uli bwino-bwino.

Robert Serpell, mphunzitsi wa pa University of Zambia, anaonetsa zimenezi mu 1979. Anauza ana a ku Lusaka ndi a ku Manchester ku England kuti atengere zithunzi zofanana. Popinda waya, ana a ku Zambia, ozolowera kupanga magalimoto a waya, anapambana. Pojambula ndi pensulo papepala anapambana a ku England. Poumba, magulu onse awiri anafanana. Serpell ndiye anakonzanso mayeso a Panga Munthu, m'mene mwana amaumba munthu ndipo wopima amawerenga ziwalo zimene waikapo. Pofufuza m'midzi ya ku Katete m'ma 1970 anapeza kuti akulu-akulu akamati mwana ali ndi nzeru samanena kucenjera kokha, koma kutumika ndi kukhulupirika komwe.

Pa cifukwa ici makolo ali ndi ufulu wofunsa kuti mwana adzapimidwa m'cinenero citi, ndiponso ngati mayesowo anayesedwapo pa ana a ku Zambia. Afunsenso ngati wopimayo anaphunziradi nchitoyo, ndiponso mtengo wake, asananyamuke.

Tsiku lopima

Mwana agone mokwanira ndipo adye m'mawa. Ngati akudwala, tsiku lisinthidwe. Makolo anyamule kadi ya ku sikelo, kalata ya cipatala, malipoti a kusukulu, makope a mwana ndi mankhwala amene akumwa. Apite ndi munthu amene amamudziwa bwino mwanayo, kaya mai, tate kapena ambuye ake, cifukwa adzafunsidwa zaka zimene anayamba kukhala, kuyenda ndi kulankhula. Mwana asaopsezedwe kuti akalephera adzakwapulidwa, ndipo asaphunzitsidwe mayankho, pakuti kutero n'kubisa vuto limene likufunidwa.

Nambala si ciweruzo

Nambala yokha siikwanira kunena kuti mwana ali ndi vuto la nzeru. Katswiri amafunsanso ngati amadzisambitsa, amabvala yekha, amatumika kumsika n'kubwera ndi cenji yokwanira. Mwana wina amapezeka ndi nzeru zabwino koma ali ndi vuto la kuwerenga lokha, limene aphunzitsi odziwa angathe kulithandiza.

Makolo apemphe lipoti lolembedwa, ndipo alimasuliridwe m'cinenero cimene amamva. Cofunika kweni-kweni m'lipotimo ndi malangizo: zimene mwana amacita bwino, zimene zimamuvuta, ndi zimene sukulu iyenera kusintha. Lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012 limateteza ufulu wa mwana wolemala kuti aphunzire monga anzake. Lipotilo ndi cinsinsi ca banja, cosayenera kuulutsidwa pa mpopi wa madzi.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Mwana amene wafika zaka ziwiri osalankhula mau alionse, kapena wabwereza kalasi kawiri, aonetsedwe ku kiliniki mwezi uno, osadikira mayeso a kumapeto kwa pulaimale.