Tisamale Mapikapu Amene Tili Nawo

Aliyense amene amayendera maofesi a m'maboma athu anaziona galimoto zimene zagona kuseri kwa nyumba. Zambiri ndi mapikapu. Matayala anachotsedwa, thupi linakhazikidwa pa njerwa, ndipo udzu wamera mpaka kufika pa zitseko. Mukafunsa, amakuuzani kuti galimotoyo inakalamba ndipo ofesi ikudikira yatsopano. Ife yankho limeneli silitikhutiritsa, pakuti kaŵirikaŵiri chimene chinaigoneka ndi kachitsulo kamodzi kamene sikanasinthidwe pa nthaŵi yake.

Tikumbukire kuti dziko lathu silipanga galimoto. Iliyonse imagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, zimene zimachokera m'thukuta la alimi a fodya, tiyi ndi nzimbe, ndipo imadzera pa doko la Dar es Salaam, Beira kapena Durban isanaloŵe m'dziko muno. M'mwezi wa Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse. Nthaŵi zonse ziŵirizo mitengo ya galimoto inakwera. Ndalama zakunja zogulira pikapu yatsopano ndi zomwezo zimene zimagula feteleza, mafuta ndi mankhwala a m'zipatala. Choncho ofesi imene yagoneka galimoto chifukwa chosaisamala yalanda mlimi ndi wodwala gawo lawo.

Kuti mapikapu akale amakhalitsa, umboni ulipo. Toyota Hilux inayamba kupangidwa mu 1968, ndipo zina zopangidwa zaka 30 zapitazo zikunyamulabe chimanga m'misewu yathu. Kapikapu ka Datsun 1200, kamene pambuyo pake kanatchedwa Nissan 1400, kanapangidwa ku South Africa kuyambira 1971 mpaka 2008 popanda kusintha kwenikweni. Pikapu ya Peugeot 404 inali kumangidwabe ku Kenya mpaka 1991. Galimoto zimenezi zinakondedwa chifukwa mapangidwe ake ngosavuta: makaniko wa ku Ndirande kapena wa ku Biwi amazitsegula ndi masipanala wamba, osafuna kompyuta yoyezera.

Nanga chisamaliro chimene tikunenachi nchotani? Mdani woyamba wa injini kuno kwathu ndi fumbi. Likaloŵa m'injini limasakanikirana ndi oilo ndi kuyamba kupala zitsulo ngati mchenga. Nchifukwa chake galimoto yakale ya dizilo yoyenda m'misewu yafumbi iyenera kusinthidwa oilo ndi sefa yake pa makilomita pafupifupi 5,000 aliwonse, ndipo sefa ya mpweya iziyang'anidwa pafupipafupi. Mdani wachiŵiri ndi kutentha. Madzi a pa mjigo kapena a mumtsinje amasiya mchere ndi dzimbiri m'rediyeta. Njira zake zikatsekeka injini imaŵira, ndipo kuŵira kamodzi kungathe kupinda mutu wa injini. M'rediyeta muzithiridwa madzi oyera osakaniza ndi mankhwala ake. Girizi azipopedwa m'malo ake onse, makamaka dzinja likatha, pakuti matope ndi madzi zimamukokolola. Mafuta a mabuleki amakoka chinyezi, motero azisinthidwa pa zaka ziŵiri zilizonse. Ndipo pa injini zakale za dizilo za Toyota zotchedwa 2L ndi 3L, lamba wa taiming'i ayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000. Akadukira m'njira, mapisitoni amagunda mavavu, ndipo mtengo wokonzera umaposa kutali mtengo wa lambayo.

Mdani wachitatu ndi katundu wopyola muyeso. Pikapu ya tani imodzi malire ake ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo kulemera kwa anthu okwera kuyenera kuŵerengedwa momwemo. Koma timaona matumba 30, pamwamba pake njinga, pamwamba pa njinga anthu. Masipuling'i amathyoka, kalachi imapsa, mabuleki amalephera pa zitsetso monga za Golomoti kapena Chiweta, ndipo pamenepo chotayika ndi miyoyo.

Kwa inu akuluakulu a maofesi, tikuti udindo umenewu musautulire dalaivala yekha. Galimoto iliyonse ikhale ndi buku lake, lolembamo makilomita, mafuta, tsiku losinthira oilo ndi chitsulo chilichonse chimene chaikidwa. Mkulu wa ofesi aziliŵerenga yekha kumapeto a mwezi ndi kusainira. Ndalama zokonzera galimoto ziziikidwa padera chaka chikamayamba, ndipo zisatengedwe kukalipirira misonkhano. Musagule zitsulo zachinyengo chifukwa chotchipa, pakuti mudzazigula kaŵiri. Koposa zonse, letsani chizoloŵezi chomasula galimoto imene yaima kuti mukonzere inzake. Lero achotsa batire, maŵa sitata, mkucha tayala, ndipo galimoto imene inkasoŵa kachitsulo kamodzi imasanduka chigoba.

Sitikunena kuti galimoto yakale iliyonse iyenera kukakamizidwa kuyenda. Ngati chasisi yang'aluka kapena yadyeka ndi dzimbiri, ngati chiwongolero ndi mabuleki sizikhulupirikanso ngakhale zitakonzedwa, imeneyo ichotsedwe pa msewu ndi kugulitsidwa mwa dongosolo isanaolere pa bwalo. Chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ili bwino chizipezedwa moona, pakuti pepala logula mwamseri siliimitsa galimoto pa chitsetso. Koma chigamulo chotere chiperekedwe ndi makaniko wodziŵa ntchito yake ataiyeza, osati ndi munthu amene wangosirira yatsopano ya ofesi yoyandikana nayo.

Nanu aphunzitsi muli ndi gawo lanu. Mwana amene waphunzira kusamala desiki, buku ndi khasu la pa sukulu ndiye amene adzasamale galimoto ya Boma akadzakula. Auzeni ana kuti umakaniko ndi ntchito yolemekezeka, ndipo amene ali ndi luso la manja alimbikitseni kupita ku sukulu za ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Mzuzu. Pikapu imene imabweretsa mabuku ndi mapepala a mayeso ku sukulu yanu ikudalira manja oterowo.

Makolo athu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Galimoto yatsopano ikadali m'makalata opempha. Imene tili nayo ili pa bwalo. Mvula isanayambe, mkulu aliyense aitane makaniko, atsegule boneti, ndipo alembe zimene zikusoŵa.