Mbiri ya Banja Imene Mapepala a Boma Sanailembe

Mbiri ya pakamwa, kutanthauza nkhani zakale zimene munthu amazimva kwa makolo ake popanda kulembedwa, ndiyo yasunga zambiri za mabanja a m'Malawi, pakuti atsamunda ankalemba makamaka za msonkho, malire ndi milandu, ndipo mapepala awo ambiri oyambirira anapsa pa moto umene unabuka ku maofesi a boma ku Zomba mu 1919. Pakati pa Achewa, amene mtundu wawo umatsata kuchikazi, nkhani zotere zimakhala mu mbumba, ndiye kuti alongo ake a munthu pamodzi ndi ana awo, ndipo zimamveka kwambiri pamaliro ndi posankha wolowa ufumu, pamene akuluakulu amalongosola kuti uyu ndi wa bere lalikulu, uyo wa bere laling'ono.

Phindu la nkhanizi linaonekera poyera pa kafukufuku wa njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri boma la Blantyre. Katswiri wa mbiri, Megan Vaughan, amene buku lake la njalayi linatuluka mu 1987, anapeza kuti malipoti a boma ankanena za chilala ndi kagawidwe ka chakudya, abambo ankakumbukira maulendo ataliatali okasuma, koma amayi, m'nyimbo zawo za pamtondo, ankadandaula za amuna amene anapita kosuma osabwerako, ena mpaka kukwatira komweko. Kutha kwa mabanja kumeneku, kumene kunali njala yeniyeni kwa mayi wotsala ndi ana, kukanaiwalika chikhala kuti nyimbozo sizinamveredwe. Masiku ano chimanga chimapita kuchigayo, ndipo pamtondo sipasonkhananso anthu monga kale.

Foni ya m'manja yapeputsa ntchito yojambula mawu, ngakhale kuti kujambula kokha sikukwanira, popeza mawu opanda dzina la wolankhula, chiwongo chake, mudzi, mfumu yaikulu ya deralo ndi tsiku lojambulira amasanduka nthano pakangopita mbadwo umodzi. Pofunsa okalamba, zaka zimapezeka mosavuta potchula zochitika, monga nthawi ya chitaganya kapena ya maulendo a Wenela, kusiyana ndi kuumirira manambala, ndipo nkhani zina, makamaka zachinamwali ndi zakudambwe, eni ake ali ndi ufulu wokana kuzinena. Amene anaona njala ya 1949 ali ndi zaka khumi, lero apitirira zaka 85, choncho banja limene lidakali ndi gogo wotere lisadikire tsiku la maliro kuti liyambe kufunsa.