KAFUKUFUKU NDI MOYO WATHU

Inu amene mwatsiriza maphunziro a sukulu ya kwacha, mwina munamvapo mau akuti "kafukufuku" pa wailesi. Amati, "Akatswiri achita kafukufuku ndipo apeza zakutizakuti." Ambiri tikamva choncho timaganiza kuti ndi nkhani ya anthu ophunzira kwambiri a kutsidya kwa nyanja. Timati sizitikhudza ife ogulitsa ndiwo pa msika wa ku Old Town, ife amesenjala a ku City Centre, kapena ife alonda ndi osamala maluŵa m'nyumba za ku Area 10 ndi Area 43.

Ayi ndithu, zimatikhudza. Kafukufuku wina wamkulu anachitikira mommuno mu Lilongwe. Zimene anapeza zafika kale pa mkono wa mwana wanu, m'lichero lanu la mtedza, ndiponso pa mjigo wa kumudzi kwanu. Tiyeni tione bwino.

KAFUKUFUKU N'CHIYANI?

Tiyerekeze kuti muli ndi mbeu ziŵiri za chimanga. Mnzanu akuti iyi ndiyo yobereka. Alamu anu akuti ayi, yobereka ndi iyo. Nanga inu mudziŵa bwanji zoona?

Gaŵani munda wanu paŵiri mofanana. Mbali ina mubzale mbeu yoyamba, mbali inayo mbeu yachiŵiri. Mubzale tsiku limodzi. Mupalire chimodzimodzi. Feteleza akhalenso wofanana. Pokolola muŵerenge madengu a mbali iliyonse. Mukatero, mkangano watha. Madengu ndiwo ayankha.

Ameneyu ndiye kafukufuku. Ali ndi miyendo itatu monga mafuwa: kufunsa, kufanizira, ndi kuŵerenga. Akatswiri nawonso amachita zomwezi. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amayesa pa minda yambiri kapena pa anthu ambiri, kwa zaka zambiri, ndipo amalemba zonse m'mabuku.

KATEMERA WA MALUNGO

Kale anthu ankati malungo amabwera chifukwa cha mpweya woipa wa m'madambo. Kwathu kuno ena amati mwana wadwala malungo chifukwa anavumbwa ndi mvula. M'chaka cha 1897 dokotala wina dzina lake Ronald Ross, akugwira ntchito ku India, anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. Kuyambira pamenepo zinadziŵika kuti wofalitsa malungo ndi udzudzu. N'chifukwa chake timagona m'masikito.

Koma akatswiri anafunsanso kuti, "Chikuku chili ndi katemera. Kodi malungo sangakhalenso ndi katemera?" Ntchitoyi inali yovuta zedi. Inatenga zaka zoposa 30. Pomaliza anapanga katemera wotchedwa RTS,S. Tsono panatsala funso lalikulu: kodi akugwiradi ntchito?

Kuyambira mu 2009 mpaka mu 2014 katemerayu anayesedwa m'malo 11 a m'maiko 7 a mu Africa. Ana amene analoŵa nawo anaposa 15,000. Amodzi mwa malo amenewo anali Lilongwe. Amai ankapita ndi ana awo ku chipatala cha ku Area 18, ndipo ntchitoyi ankayendetsa ndi a UNC Project, amene ali pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central.

Anachita monga tinachitira ndi munda uja. Ana ena analandira katemera wa malungo. Ena analandira katemera wa matenda ena, monga wa chiŵeŵe. Posankha anachita ngati maere, kuti pasakhale kukondera. Mai sankadziŵa kuti mwana wake walandira uti. Ngakhale amene ankapima anawo sankadziŵa. Mwana aliyense akatentha thupi ankapita naye kuchipatala, kumuyeza magazi, kumupatsa mankhwala, ndi kulemba m'buku.

Patapita zaka anaŵerenga. Mwa ana amene anayamba kulandira ali ndi miyezi 5 mpaka 17, nalandira kanai konse, kudwala malungo kunachepa. Pamene pakanakhala kudwala ka 10, panali kudwala ka 6. Malungo aakulu, aja okomola mwana ndi kumuthera magazi, anachepanso: pa 10 panatsala 7.

Pa 23 April 2019 dziko la Malaŵi linakhala loyamba pa dziko lonse lapansi kupereka katemerayu ku sikelo ya ana. Anayambira ku Mitundu, m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe. Kenaka anatsatira a ku Ghana ndi a ku Kenya. Mu October 2021 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza kuti katemerayu aziperekedwa m'maiko a malungo ambiri. Poŵerenganso m'maiko atatu aja, anapeza kuti m'madera olandira katemera imfa za ana a msinkhu umenewu zinachepa ndi 13 pa 100 aliwonse.

Tsono mvetsetsani izi, amai ndi abambo. Kafukufuku sananene kuti malungo atha. Mwana wobaidwa katemera angathe kudwalabe. Chotero musataye masikito. Mwana akatentha thupi, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chinanso, katemerayu amaperekedwa kanai. Poyamba paja mwana ankalandira ali ndi miyezi 5, miyezi 6, miyezi 7, ndipo wotsiriza ali ndi miyezi 22. Wotsirizayu ndiye amene amai ambiri amaiŵala, chifukwa mwana amakhala atayamba kuyenda ndi kuseŵera. Koma mphamvu ya katemera imanka icheperachepera, ndipo wachinaiyu ndiye amaidzutsanso. Tsopano mumatha kuŵerenga. Tsegulani kabuku ka kusikelo, muone tsiku limene alemba. Ngati simukumvetsa, funsani alangizi a zaumoyo.

MTEDZA WA KU CHITEDZE

Mukatuluka mu mzinda kuloŵera mseu wa ku Mchinji, mumafika pa Chitedze. Pamenepa pali malo a boma ochitira kafukufuku wa zaulimi. Anatsegulidwa mu 1948. Mukayang'ana mudzaona timinda ting'onoting'ono tambiri, kalikonse ndi kachikwangwani kake. Kamunda kalikonse ndi funso limene akatswiri akufunsa nthaka.

Mtedza wa CG7, uja wofiira wamafuta ambiri, unayesedwa kumeneko ndipo unaperekedwa kwa alimi mu 1990. Umabereka kuposa Chalimbana wa makolo athu. Koma unali ndi mdani, matenda a kadukutu. Mtedza wogwidwa ndi kadukutu umapinimbira, masamba amakwinyika, ndipo pansi sipakhala kanthu.

Akatswiri anapeza kuti matendaŵa amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbeu, monga momwe udzudzu umafalitsira malungo. Anapezanso kuti nsabwezi zimakonda kutera m'munda wa mipata, momwe dothi likuonekera. Munda wobzalidwa msanga ndi mvula yoyamba, mbeu zili pafupipafupi, masamba ake amaphimba nthaka mofulumira ndipo nsabwe sizichuluka. N'chifukwa chake alangizi amati mtedza waukulu monga CG7 tizibzala mbeu imodzi pa phando, motalikana masentimita 15. Pambuyo pake, mu 2000, kunatuluka mtundu wina wotchedwa Nsinjiro, umene umapirira ku kadukutu.

Pali chinthu china chimene chikukhudza ngakhale inu amene mulibe munda, amene mumangogula mtedza pa msika. Chimenechi ndi chuku.

Mu 1960 ku England kunafa nkhukundembo zokwana ngati 100,000. Eni ake anazizwa. Akatswiri atafufuza anapeza kuti zonse zinkadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wa chuku. M'chukumo anapezamo poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu amaononga chiŵindi. Munthu akamadya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri angathe kudwala khansa ya m'chiŵindi. Choopsa china n'chakuti kukazinga kapena kuphika sikuthetsa poizoniyu.

Chuku chimakonda chinyezi ndi kutentha. Alimi ena amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afeŵe posenda. Ogulitsa ena amaunyoŵetsa kuti ulemere pa sikelo. Onseŵa akuitana chuku. Ndipo taonani zimene timachita ambirife: mtedza wabwino timagulitsa, wonyala ndi woola timasinja kuti tithire m'ndiwo kapena m'phala la mwana. Pamenepa timapatsa mwana wathu yemwe poizoni wochuluka.

Nazi zoyenera kuchita:

1. Umitsani mtedza bwinobwino usanaloŵe m'thumba.
2. Sungani mtedza m'makoko ake, pa malo ouma, thumba lisagunde pansi.
3. Musawaze madzi posenda.
4. Musanasinje, sankhani pa lichero. Wonyala, woola, wofumbwa ndi woŵaŵa tayani. Musapatse ngakhale nkhuku.
5. Pogula pa msika, ugwireni ndi kuununkhiza. Wa chinyezi kapena wa fungo la nkhungu usiyeni, ngakhale utsike mtengo.

MJIGO WOKONZA TOKHA

Ambiri a ife tili m'tauni, koma makolo ndi abale athu ali kumudzi, ku Nathenje, ku Mitundu, ku Kasiya. Kumeneko madzi abwino amachokera pa mjigo. Mjigo umenewu ulinso ndi mbiri ya kafukufuku.

Mijigo yakale inali yolemera. Kamphira kakang'ono kakatha pansi pa chitsime, pankafunika kuzula mapaipi onse achitsulo. Anthu a pamudzi sakanatha. Ankadikira amisiri a boma kuti abwere ndi galimoto ndi zida zonyamulira. Amisiriwo anali ochepa, mijigo inali yambiri. Podikirapo amai ankabwerera kumtsinje, ndipo ana ankayambanso kutsegula m'mimba.

Cha m'ma 1981 mainjiniya ogwira ntchito muno m'Malaŵi anafunsa funso latsopano. Sanafunse kuti, "Tingapange bwanji mjigo wosaonongeka?" Chinthu chosaonongeka kulibe. Iwo anafunsa kuti, "Tingapange bwanji mjigo woti eni mudzi azikonza okha?" Anapanga mjigo wotchedwa Maldev, nauyesa m'midzi monga ya ku Livulezi m'boma la Ntcheu. Zolakwika zinapezeka, iwo n'kumakonza. Ntchitoyi inapitirira ku Kenya, ndipo mjigowo unapatsidwa dzina lakuti Afridev.

Nzeru yake ndi iyi. Mapaipi ndi a pulasitiki ndipo amatsala m'chitsime momwemo. Chimene chimatuluka ndi ndodo zachitsulo zokoloŵekana, pamodzi ndi kachipangizo kokankha madzi kamene kali kumapeto kwake. Anthu ochepa, ngakhale amai okhaokha, angathe kuzula ndodozo ndi manja, kusintha kamphira kotha, ndi kubwezeretsa tsiku lomwelo. Chida chachikulu ndi sipanala imodzi. Mjigo umenewu umatha kukoka madzi pa chitsime chakuya mamita 45. Unafalikira m'Malaŵi monse ndiponso m'maiko ena ambiri a mu Africa.

Komabe mjigo wabwino sudzikonza wokha. Pafunika komiti ya mjigo, ndalama pang'ono zosonkha, ndi munthu wolemba m'buku. Mukapita kumudzi, funsani kuti buku la mjigo akusunga ndani. Mwina wosoŵekayo ndinu.

AKAKUPEMPHANI KULOŴA M'KAFUKUFUKU

Katemera uja sakanapezeka amai a mu Lilongwe akanakana kubwera ndi ana awo. Tsiku lina mwina adzakupemphani inunso, pa chipatala cha Bwaila kapena pa Kamuzu Central. Dziŵani izi.

Kafukufuku wa zaumoyo sayamba popanda chilolezo cha komiti yoona ngati anthu atetezedwa. Ku Unduna wa Zaumoyo kuli komiti yotere. Ochita kafukufuku ayenera kukufotokozerani m'chinenero chanu chimene akufuna, ubwino wake, ndi zovuta zake. Adzakupatsani pepala. Kale munkangodinda chala. Tsopano ŵerengani mzere uliwonse musanasaine. Funsani kuti, "Magazi mutenga ochuluka bwanji? Mupita nawo kuti? Mwana akadwala ndidzaonana ndi yani?" Akulu anati safunsa anadya phula.

Muli ndi ufulu wokana. Muli ndi ufulu wosiya pakati. Mukakana, chithandizo chanu cha kuchipatala sichichotsedwa.

Koma musakane chifukwa cha mphekesera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kumwera, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Mphekesera siŵerenga madengu. Imangoti, "Ndamva." Wina akakuuzani za mankhwala ochiza matenda onse, kapena zakuti katemera ndi woipa, mufunseni mafunso atatu: Anayesa ndani? Anafanizira ndi chiyani? Anaŵerenga anthu angati?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Katemera anatenga zaka zoposa 30. Mbeu yatsopano imatenga nyengo zambiri. Mjigo unakonzedwa kambirimbiri usanakhale bwino. Anzathu anadekha, nagwira mbali yawo. Mbali yotsala ndi yathu: kupita ku sikelo kanai, kusankha mtedza pa lichero, ndi kusamala mjigo.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'GULU

1. Tchulani miyendo itatu ya kafukufuku.
2. Kodi katemera wa malungo amaperekedwa kangati? N'chifukwa chiyani mwana wobaidwa ayenera kugonabe m'masikito?
3. Kodi kukazinga mtedza wa chuku kumachotsa poizoni?
4. Kodi mjigo wa Afridev ukusiyana bwanji ndi mijigo yakale?
5. Mungafunse mafunso otani musanasaine pepala la kafukufuku?

ZOCHITA

Tengani mbale imodzi ya mtedza wa kunyumba kwanu. Patulani wabwino ndi woipa. Ŵerengani woipawo, mulembe nambala yake m'kope lanu. Mukadzakumananso, mufanizire ndi za anzanu, ndipo mufunsane kumene aliyense anagula ndi momwe anasungira.