MALASHA A KU MOATIZE: CHUMA CHONGODUTSA PA MWANZA

Anthu ambiri ochita geni akamva za Mwanza amaganiza za manachesi, matumba a makala ndi chipata cha pamalire. Komatu mukangowoloka pa Zobue mwalowa kale m'boma la Moatize, ku Mozambique, komwe kuli mgodi wa malasha umene mbiri yake yakhudza anthu a ku Mwanza kwa zaka zambiri.

Malasha si makala ayi, abale. Makala ndi mitengo yootcha, pomwe malasha ndi mwala wakuda wokumba pansi. Ena mwa a ku Moatize ndi aja apamwamba, oyatsira ng'anjo zikuluzikulu zosungunulira chitsulo. N'chifukwa chake maiko a mafakitale monga India amawalimbirana.

Azungu anayamba kukumba malashawa nthawi ya Apwitikizi. M'chaka cha 1948 kunabadwa kampani ya Companhia Carbonífera de Moçambique, ndipo mu 1949 njanji yochokera ku Dona Ana inafika pa Moatize kuti malasha azitsikira kudoko la Beira. Masiku amenewo anthu ankalowa pansi penipeni. Mu 1977 mpweya woipa unaphulika mumgodi wa Chipanga, anthu ambiri n'kutsikira kuli chete. Chaka chotsatira boma la Frelimo linakhazikitsa kampani yakeyake ya Carbomoc, mothandizidwa ndi akatswiri a ku East Germany.

Kenaka nkhondo. Renamo itaphwasula njanji ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, malasha anasowa njira yotulukira, ntchito inazilala. Anthu a ku Mwanza sanachite kumva pawailesi. Othawa nkhondo anakhamukira kuno, ndipo dziko lonse linalandira anthu pafupifupi 1 miliyoni. Malole a katundu ankadutsa msewu wa ku Tete moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe. Mtendere unabwera mu 1992.

Mu 2004 kampani ya Vale ya ku Brazil inapatsidwa chilolezo, ndipo mu 2011 inayamba kutulutsa malasha. Iyo sinkalowa pansi ngati kale, inkangofukula nthaka pamwamba. Mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa, ambiri kupita ku Cateme. Mu Januwale 2012 anthuwo anatseka njanji, ati nyumba zomwe anawamangira zikung'aluka ndipo minda yake njosabereka.

Pofuna njira ina yopitira kunyanja, Vale inamanga njanji yatsopano m'Malawi muno, kuchokera pa Kachaso kudutsa Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya ku Balaka. Njanji yonse kuchokera ku Moatize kukafika ku Nacala ndi makilomita 912, ndipo inatsegulidwa mwamwambo mu 2017. Nthawi yomanga ija ndalama inkaoneka. Achinyamata anapeza maganyu, alandilodi anakweza lendi, amayi a zitumbuwa ndi kanyenya sankabwerera ndi katundu. Ntchito itatha, makasitomala aja anapita.

Vale nayo inapita. Mu 2022 inamaliza kugulitsa mgodi pamodzi ndi njanji kwa Vulcan, kampani ya gulu la Jindal la ku India, pamtengo wa madola 270 miliyoni. Eni mgodi asintha kangapo, koma malasha ulendo wake ndi womwewo: wakudoko.

Nanga ife? Sitima ya mabogi oposa 100 imadutsa itasenza moto wa maiko ena, pomwe mayi wa chiimirire ku Ndirande akuphikirabe makala a mitengo ya ku Mwanza ndi Neno komweko. Nkhani yomanga malo opangira magetsi a malasha, a mamegawati 300, pa Kam'mwamba ku Neno yakambidwa kwa zaka zambiri, koma magetsiwo sitinawaone.

Akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Tsiku limene a ndale adzabwere pamsika ndi nsalu ndi malonjezo, muwafunse: kodi pa sitima iliyonse yodutsa pa Mwanza, boma limatolerapo zingati, ndipo zimathera kuti?