Mwana wa ku yunivesite akabwera ku holide: ntchito zodzipereka zomwe zikumudikira pakhomo



Makolo angapo akhala akutiimitsa tikamatuluka mu mzikiti ndi dandaulo lofanana. Bambo wina anatifunsa motere: "Shehe, mwana wanga wabwera kuchokera ku yunivesite ndipo akuti akufuna azikaphunzitsa ana ku sekondale popanda malipiro. Ine ndinagulitsa mbuzi ndi kukongola ndalama kuti fizi ikwane. Lero iye azikagwira ntchito yaulere?"

Funsoli ndi lomveka ndipo sitikulipeputsa. Ndalama yophunzitsira mwana imachokera m'thukuta la kunyanja, la kumunda ndi la pamsika. Tiyeni tsono tifotokoze kuti ntchito yodzipereka ndi chiyani, ingapezeke kuti kuno kwathu, ndipo igwiridwe motani kuti ipindulire mudzi komanso mwanayo.

Si yachilendo pakati pathu

Ntchito yodzipereka ndi imene munthu amaigwira mwa kufuna kwake, popanda malipiro, kuti ithandize ena. Imasiyana ndi ganyu chifukwa palibe mtengo womwe mwapangana. Imasiyananso ndi thangata wa nthawi ya atsamunda chifukwa palibe wokukakamiza. Ndipo kunena zoona, ife tinaiyamba kalekale. Maliro akagwa, anyamata amapita kukakumba manda, amayi amatunga madzi ndi kuphika, popanda wofunsa kuti andipatsa zingati. Njerwa za mizikiti ndi madrasa athu ambiri zinaumbidwa motero.

Chatsopano ndi ichi: tsopano tili ndi ana omwe akuphunzira ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS ndi ku KUHeS ku Blantyre, ku LUANAR ku Lilongwe, ku MUST ku Thyolo, ku Mzuzu University ndi m'makoleji ena. Anawa akabwera kumudzi amabwera ndi luso lomwe mudzi ulibe. Akhoza kukumba nawo manda ngati anzawo, inde, koma palinso ntchito zina zomwe ndi iwo okha angazithe.

Khomo loyamba: kuphunzitsa

Ife amene timaphunzitsa ku sekondale tikudziwa kuti m'masukulu ambiri oyendera a CDSS aphunzitsi a masamu ndi sayansi ndi ochepa, ndipo kalasi imakhala yodzaza. Mwana amene sanamvetse phunziro amapita kwawo asanafunse funso. Wophunzira wa ku yunivesite akatenga ana khumi a Folomu 4 n'kumakhala nawo pansi katatu pa sabata, kuyankha limodzi mafunso a mayeso akale a MANEB, amachita chinthu chomwe mphunzitsi wa kalasi yaikulu sangachipezere nthawi.

Ku pulayimale nakonso kuli mpata. Ana athu ambiri amalankhula Chiyao pakhomo, amayamba sukulu m'Chichewa, kenako pofika Sitandade 5 maphunziro amatembenukira ku Chingerezi. Apa ndi pamene ambiri amasochera. Mkulu wawo amene anadutsa njira yomweyo amatha kufotokoza phunziro m'chilankhulo chomwe mwana amalotera, kenako n'kumuwolotsera ku Chingerezi pang'onopang'ono.

Pali thandizo linanso lomwe limaoneka laling'ono koma limasintha moyo. Kuti mwana asankhidwe ku yunivesite ya boma amafunika makirediti 6 pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo ayenera kulembera kudzera ku bungwe la NCHE. Wosowa fizi amapempha ngongole ku bungwe la boma loona za ngongole za ophunzira, la HESLGB. Ana ena amakhoza bwino koma amaphonya mwayi chifukwa sanamve tsiku lotsekera, kapena anasankha maphunziro osagwirizana ndi mapointi awo. Amene anadzazapo mafomu amenewa akhoza kuthandiza ana asanu tsiku limodzi ndi foni yake yokha.

Tinenepo za atsikana. Mtsikana wa Sitandade 7 angamve uphungu wa Shehe ndi wa aphunzitsi kambirimbiri, koma akaona mkulu wake wa m'mudzi momwemo, wovala hijabu yake, akufotokoza za unamwino kapena za malamulo zomwe akuphunzira, amakhulupirira kuti n'zotheka. Magulu a amayi oyang'anira atsikana pa sukulu amalandira alendo otere ndi manja awiri.

Khomo lachiwiri: zaumoyo

Sitinaiwale kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kufalikira dziko lonse. Anapha anthu oposa 1,700, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja anali m'gulu la omwe anavutika kwambiri. Matendawa amafala kudzera m'madzi ndi zakudya zomwe zakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala. Kuwapewa kumafuna anthu oyenda khomo ndi khomo: kuonetsa kathiridwe ka kolorini m'madzi akumwa, kukumbutsa za chimbudzi ndi kusamba m'manja ndi sopo, kuphunzitsa kasungunulidwe ka paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino, ndi kuuza anthu kuti wotsegula m'mimba athamangire naye kuchipatala msanga.

Ntchitoyi ndi ya alangizi a zaumoyo, koma mlangizi mmodzi amayang'anira midzi ingapo. Wophunzira akadzipereka kuyenda naye, makomo omwe akanafikiridwa m'mwezi amafikiridwa m'masabata ochepa. Chimodzimodzinso pa nkhani ya likodzo, lomwe limagwira ana osambira m'madzi odikha momwe muli nkhono, ndi ya kugona m'masikito popewa malungo.

Palinso kupereka magazi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka, limadalira kwambiri ana a sukulu. Masukulu akatsekera magazi amachepa m'zipatala, chonsecho amayi obereka ndi ana omwe malungo awathera magazi sadikira kuti sukulu zitsegulidwe. Magazi sapangidwa m'fakitale ndipo sasungika kupitirira masabata owerengeka. Munthu wathanzi amapereka osakwana theka la lita, ndipo thupi limabwezeretsa. Ophunzira athu akhoza kupereka okha, komanso kugwirizana ndi bungweli ndi akomiti ya mzikiti kuti pakhale tsiku lopereka magazi m'dera. Ndi bwino tsikulo likhale kunja kwa mwezi wa Ramadhani, kuti osala asafooke.

Khomo lachitatu: ngozi zogwa mwadzidzidzi

Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala m'chigawo cha kummwera. Mu 2024 madzi a m'nyanja yathu anakwera mpaka kulowa m'nyumba za anthu m'madera ena a Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Pa nthawi zotere pamafunika anthu odziwa kulemba maina molondola, kuwerengera katundu, kupereka chithandizo choyamba ndi kusamalira ukhondo pa misasa.

Bungwe la Malawi Red Cross Society limagwira ntchito ndi anthu odzipereka m'maboma ndipo limawaphunzitsa zimenezi. Makolo ena amakayika akaona chizindikiro cha mtanda wofiira. Dziwani kuti gululi linayambira mu mzinda wa Geneva mu 1863 pofuna kuthandiza ovulala pa nkhondo, ndipo chizindikirocho chimafotokozedwa kuti ndi mitundu ya mbendera ya dziko la Switzerland yotembenuzidwa. M'mayiko ambiri a Asilamu gulu lomweli limagwiritsa ntchito mwezi wofiira ndipo limatchedwa Red Crescent. Si gulu la chipembedzo, ndipo lamulo lake ndi kuthandiza wovutika aliyense mosasankha.

Chofunika ndi kulowa ndi kuphunzira ngozi isanagwe. Munthu wosaphunzitsidwa amene wathamangira ku msasa tsiku la chigumula nthawi zambiri amangowonjezera chiwerengero cha odya.

Khomo lachinayi: mitengo ndi nyanja

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo. Kuno kunyanja nkhuni zimapita zambiri powamba nsomba ndi powotcha njerwa, ndipo mapiri akayera dothi limakokolokera m'mitsinje mpaka m'nyanja momwe nsomba zimaswana. Kudzala mbande tsiku limodzi n'kosavuta. Chovuta ndi kuzitchingira mbuzi, kupalira ndi kulambula njira yotchinga moto m'chilimwe. Wophunzira amene angathandize sukulu kapena mzikiti kukhazikitsa nazale ndi kugawa ntchito yosamalira mitengoyo amasiya chinthu chokhalitsa kuposa wodzala mbande zambiri n'kuchoka.

Amene akuphunzira za nsomba kapena za nkhalango ku LUANAR ndi ku Mzuzu angathandizenso makomiti a m'madoko, ma BVC, kusunga mabuku awo ndi kufotokozera asodzi chifukwa chomwe usodzi wina umatsekedwera nyengo yomwe chambo chikuswana.

Ayambe bwanji?

Tikuuzeni zomwe zinatichitikira. Chaka china anyamata anayi ochokera ku koleji ina anabwera pa sukulu yomwe tinkaphunzitsa, nalonjeza kuphunzitsa masamu kwa mwezi wathunthu. Tsiku loyamba kalasi inadzaza. Anajambula zithunzi, ana anasangalala. Tsiku lachisanu sanabwere, ndipo sanatsanzike. Ana anadikira mpaka dzuwa kupendeka. Chaka chotsatira atabwera ena a mtima wabwino, tinavutika kukopa ana kuti abwerenso. Nafenso tinali ndi mlandu, chifukwa tinawalandira osapangana nawo bwinobwino.

Kuchokera pamenepo timalangiza motere. Choyamba, wophunzira asankhe ntchito imodzi yokha ndipo anene masiku ndi maola omwe angakwanitse. Kuli bwino kulonjeza masiku awiri pa sabata n'kusunga, kusiyana ndi kulonjeza tsiku lililonse n'kuthawa. Chachiwiri, alowere pakhomo, osati pawindo: akaonane ndi mphunzitsi wamkulu, mkulu wa chipatala, amfumu kapena komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ndipo afunse kuti chikusowa n'chiyani asananene zomwe iye wabweretsa. Chachitatu, nthawi ya maphunziro owonjezera isawombane ndi ya madrasa kapena ya Swala, chifukwa ikawombana makolo adzaletsa ana. Chachinayi, azilemba m'kope zomwe wachita tsiku ndi tsiku, ndipo pomaliza apemphe kalata yosainidwa ndi kudindidwa yomuchitira umboni.

Malire ake

Wophunzira udokotala kapena unamwino si dokotala kapena namwino kufikira atamaliza ndi kulembetsedwa. Asabaye jakisoni kapena kulembera anthu mankhwala m'mudzi, ngakhale achibale amukakamize. Agwire zomwe akuluakulu a chipatala amuloleza, iwo akuona.

Chenjerani ndi anthu omwe amauza achinyamata kuti alipire ndalama pa foni kuti alembedwe ngati odzipereka, powalonjeza ntchito pambuyo pake. Pitani nokha ku ofesi ya bungwelo mukafunse. Chenjeraninso ndi ntchito zomwe zimavekedwa dzina la chifundo chonsecho ndi kampeni ya ndale.

Ulemu wa wothandizidwa usungidwe. Kujambula nkhalamba ikulandira thumba la ufa n'kuika pa Facebook popanda chilolezo chake ndi kuivula pagulu. Apa niya nayo imayesedwa: kodi tikuthandiza munthu kapena tikudzitsatsa?

Kwa ana athu aakazi, makolo adziwe komwe akupita, akugwira ntchito ndi yani ndipo abwerera nthawi yanji. Ayende awiriawiri ndipo aphunzitsire pamalo oonekera. Lamulo lomweli likhudzenso anyamata omwe akuphunzitsa atsikana. Ndipo sukulu ikatsegulidwa, maphunziro akhale patsogolo. Wolephera mayeso chifukwa chotanganidwa ndi mabungwe sanathandize aliyense.

Yankho kwa bambo uja

Nanga mwanayo apindulanji? Sitikulonjezani kuti ntchito yodzipereka idzamupezera ntchito yolembedwa. Koma tonse timaona achinyamata a madigiri ali pakhomo, ndipo olemba ntchito ambiri amafunsa zomwe munthu anagwirapo kale. Amene ali ndi kalata ya mphunzitsi wamkulu yonena kuti anaphunzitsa ana kwa miyezi iwiri osajomba ali ndi choonetsa. Waphunziranso kuimirira pagulu, kusunga nthawi, kumvera akulu omwe sanapite patali ndi sukulu ndi kupirira zinthu zikavuta. Izi sizipezeka m'mabuku a m'kalasi.

Ngati banja likufunadi ndalama ya ganyu kapena dzanja la mwanayo kumunda, zimenezo zikhale zoyamba, pakuti kuthandiza makolo nakonso ndi udindo wake. Koma holide ili ndi masiku ambiri. Maola asanu ndi limodzi pa sabata sangaphe munda.

Bambo uja tinamukumbutsa kuti mwana wake sanafike ku yunivesite ndi mbuzi zake zokha. Panali mwalimu amene anamuphunzitsa kwa zaka pa malipiro ochepa, panali azakhali omwe anamusunga pa nthawi ya mayeso, panali anthu a m'mudzi omwe anaumba njerwa za kalasi yomwe anaphunziramo. Akulu anati kupatsa n'kuika. Iwo anaika mwa mwanayu, ndipo nthawi yake yoika mwa ena yakwana.

Choncho mwana akabwera holide ikudzayi, Insha Allah, khalani naye pansi tsiku loyamba lomwelo. Mufunseni kuti pa makomo anayiwa alowa pati, ndipo kwa mphunzitsi wamkulu kapena kwa amfumu mupite naye limodzi.

Allah atipatse niya yoyera ndipo adalitse maphunziro a ana athu.