Kayambidwe ka Masanje

Masanje ndi maseŵero amene ana amatsanziramo moyo wa akuluakulu. M'boma la Neno, monganso m'madera ena a dziko la Malaŵi, ana amachita masanje anthu akatha kukolola, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Nthaŵi imeneyi kumapiri a kwa Dambe kumazizira kwambiri, pamene ku Lisungwi ndi ku Zalewa kumakhala kofundirako. M'minda mumakhala mapesi ambiri ndiponso chimanga chotsalira chimene ana amakunkha.

Masanje satha tsiku limodzi. Amatenga masiku angapo, ndipo kukoma kwake kumadalira m'mene ayambira.

Ntchito yoyamba ndiyo kumanga mudzi. Anyamata amadula timitengo ndi kututa mapesi omangira tinyumba. Atsikana amafuna mafuwa, nkhuni ndi timiphika. Zikatha izi, mwana wamkulu amene akutsogolera anzake amagaŵa maudindo. Wina amakhala mfumu, ena abambo, ena amayi, ndipo ang'onoang'ono amakhala ana a m'mabanjamo.

Apa ndi pamene masanje ambiri amapasukira. Mtsogoleri akachita phuma, naloza anzake osawafunsa, amene sanakondwe ndi udindo wake amanyanyala napita kwao. Akachedwanso kwambiri pomva madandaulo a aliyense, dzuŵa limapendeka mphika usanakhale pamoto, ndipo tiana timayamba kulira njala. Mtsogoleri wodziŵa amafunsa mwana aliyense kamodzi, nalonjeza kuti maŵa ena adzasinthana maudindo, kenaka amauza amayi kuti akoleze moto. Utsi ukangofuka, mikangano imaiŵalika.

Udindo wovuta kuposa onse ndi wa fisi. Kaŵirikaŵiri fisi amakhala mnyamata amene wasoŵa banja. Iye amabisala patchire, ndipo ntchito yake ndi kuba chakudya cha m'mudzimo. Kodi fisiyo afike nthaŵi yanji? Akafika tinyumba tisanathe, anthu alibe kothaŵira. Akafika nsima isanapse, alibe choti abe, ndipo palibe amene angamuope. Koma tisaiŵale kuti fisiyo ndi mwana mnzawo. Akakhalitsa yekha patchire amatopa, mwinanso amangopita kwao osatsazika. N'chifukwa chake kuli bwino kuti ayambe walira chapatali kuti, "Huwii! Huwii!" Amayi akamva amavundikira miphika yao, abambo natola zibonga. Motero fisi ali kale m'seŵerolo ngakhale sanaoneke.

Vuto lotere silili ku Neno kokha. M'chaka cha 1974, ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa seŵero lotchedwa Dungeons & Dragons. Oseŵera amakhala mozungulira tebulo, aliyense natenga dzina ndi udindo wa munthu wongopeka. Mmodzi amasimba nkhani monga wokamba nthano, ndipo enawo amanena zimene anthu awo achite. Nkhani imodzi ikhoza kutenga miyezi. Magulu ambiri, akakumana tsiku loyamba, amangosankha maudindo ndi kugwirizana malamulo, chilombo chisanatulukire.

Kumasanje, fisi akaba ndiwo nagwidwa, amapita naye kwa mfumu. Mboni zimalankhula, fisi amadzikanira, ndipo mfumu imagamula kuti akatole nkhuni kapena akatunge madzi. Ngati dzuŵa laloŵa mlandu usanathe, amausiyira maŵa, ndipo m'maŵa mwake ana onse amalaŵirira kumasanje kuti akamve chigamulo.